Kamtengo ka Ambuya Zuze

Fungo la petulo likasakanikirana ndi la udzu wongodulidwa kumene, ndimawaona ambuya Zuze atagwada pambali pa makina otchetchera kapinga, dzuwa la ku Feira likuwawotcha pamsana, m'kamwa ataluma kamtengo ka mupani. Anali atate a mayi anga, ndipo ndiwo anandilera mayi atamwalira. Tinachokera kutsidya, mbali ya Zumbo, kuthawa chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda a kumeneko, ndipo tinkakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya mzungu wogula zikopa za ng'ona. Anthu anamutcha Bwana Nyakoko, poti nyakoko ndiye ng'ona m'Chikunda.

Mzunguyo anali ndi kapinga wotsetsereka mpaka kumtsinje, ndipo cha m'ma 1955 lole inamubweretsera makina ochokera ku Lusaka: matayala anayi, mpando wachitsulo pamwamba, injini kutsogolo, ndi chimpeni chachitali chozungulira kunsi, chomangidwa ndi bawuti imodzi ndi nati yake. Ambuya anali wosula zitsulo kwawo, motero makinawo anagwera m'manja mwawo. Loweruka lililonse ankakhetsa oyilo wakuda m'chitini, kupala pulagi ndi kampeni, kutsuka sefa ya mpweya ndi palafini, kenako kupendeketsa makina onse pa chipika n'kumasula chimpeni kuti achinole ndi tupa. Lamba atadukapo, anadula wina pachikopa cha mvuu. Anzawo ankawaseka kuti makinawo amadya bwino kuposa munthu wowasamalayo, ndipo sikunali kunama.

Chimene analephera kukonza ndi paipi ya utsi. Inadyeka ndi dzimbiri chaka choyamba, ndipo zigamba za malata zimene ankakulungapo zinkang'ambika tsiku lomwelo. Bwana anati phokoso sililetsa udzu kuduka. Choncho ambuya ankakhala pamwamba pa chiphokosocho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, chaka ndi chaka, mpaka makutu awo anatha.

Ndine ndinayamba kudziwa. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Tsiku lina ndinawaitana katatu ali chikhalire chondifulatira, osatembenuka, mpaka ndinawagwira phewa, iwo n'kudzidzimuka ngati ndawathira madzi. Anandigwira padzanja mwamphamvu.

"Tereza, mkazi wanga," anatero, poti ndimo ankanditchulira posereula, koma tsikulo sankaseka. "Mzungu akaziba kuti sinimvela, atipitikisa. Manje tizayenda kuti? Kutsidya atidikira na chingwe. Usakambe kwa munthu."

Kuyambira pamenepo ndinakhala makutu awo. Ndinkaima pamene angandione, ndipo bwana akaitana ndinkakanda mutu, iwo n'kuyankha "Bwana!" mokweza. Polankhula nawo ndinkawayang'ana kumaso, chifukwa ankawerenga milomo. Injini ankaimvera ndi mano. Ankaluma mbali imodzi ya kamtengo kaja, mbali inayo n'kuigunditsa pa injini ikulira, atatsinzina, ndipo ankadziwa ngati pulagi yada kapena oyilo wachepa. Ndinkawanyadira kwambiri. Ndinkaganiza kuti palibe chimene chingawabisalire m'makina amenewo.

Panali munthu wina pantchitoyo, a Juwaki, mnzawo wa ambuya kuyambira kutsidya. Iwo ankayenda patsogolo pa makina, kutola miyala ndi zigoba za nkhono kuti chimpeni chisabunthe. Anali wamtali, woseka msanga, wa ana asanu, ndipo ankatseka makutu ndi thonje chifukwa cha phokoso. Ankandisungira masawu m'thumba la malaya.

Loweruka lina ambuya atangoliza injini, ndinamva ikutsokomola. Pofuna kuoneka wochenjera, ndinawakoka malaya pamaso pa a Juwaki n'kukuwa kuti, "Ambuya, simukumva? Ikulira moipa!" A Juwaki anali asanaike thonje, ndipo anawayang'ana ambuya modabwa. Ambuya anangopitiriza ntchito yawo. Titalowa m'nyumba anandimenya mbama imodzi, yoyamba ndi yomaliza m'moyo wanga, mpaka khutu linalira.

"Unichititsa manyazi pa anthu? Za makina nikamba ndine. Iwe yako ni kukanda mutu chabe."

Ndinalira, ndipo ndinakwiya koopsa. Mumtima ndinalumbira kuti sindidzawauzanso kanthu, ngakhale makinawo atayaka moto.

Patapita milungu itatu, mvula ili pakati, udzu unakula mpaka m'mawondo. M'mawa umenewo ambuya ananola chimpeni monga mwa masiku onse, koma pobwezera, nati inkangozungulira osagwira, chifukwa mazinga ake anali atadyeka. Anali atapempha ina kwa bwana kawiri konse. Anakulunga kawaya pa bawuti, namanga ndi sipanala mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, kenako anakoka chingwe injini n'kulira. Analuma kamtengo, natsinzina, nagwedeza mutu. "Ili mushe," anatero. Injiniyo inalidi bwino. Koma kamtengo sikafika kunsi kumene chimpeni chimazungulira.

Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi akumwa lili m'manja. Atadutsa mzere woyamba ndinamva kaphokoso kachilendo pansi pa chiphokoso chachikulu, kakang'ono, ngati supuni ikugunda m'mbale. Pa mzere wachiwiri kanakula. Ndinadziwa kuti china chake chakhwefuka. Ambuya podutsa anandiyang'ana, monga ankachitira nthawi zonse kuti aone ngati ndikukanda mutu. Ndikanangokweza dzanja. Ndinakumbukira mbama ija, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Pa mzere wachitatu chimpeni chinachoka. Sindinachione chikuuluka. Ndinangoona a Juwaki, amene anali atapatukira kumbali kukataya mwala, akugwa ngati awatchera mwendo. Chinawatema pantchafu, pamwamba. Anakuwa, ndipo kukuwa kumeneko anakumva ngakhale asodzi kudooko. Ambuya okha sanamve. Anapitirira ndithu, maso ali kutsogolo, msana uli chilili pampando, mpaka kumapeto kwa kapinga. Atakhota ndi pamene anaona kuti kumbuyo kwawo udzu sunadulidwe, ndipo mnzawo ali pansi.

Anang'amba malaya awo n'kumanga mwendowo, koma magazi ankadutsa nsalu ngati palibe. Lole inali ku Lusaka. Amuna anayi anawanyamula pamachila kulowera ku mishoni ya ku Katondwe, ambuya akuthamanga pambali atagwira dzanja lawo. Sanafike ngakhale theka la njira. Anabwerera nawo madzulo atawafunditsa kumaso, thonje likadali m'khutu limodzi.

Maliro atatha, bwana analamula kuti chimpeni chitsukidwe. Nati yatsopano inabwera ndi lole yotsatira, kanthu kakang'ono, konyezimira, kokwana m'chikhatho changa. Ambuya anaimanga bwinobwino, nathira oyilo, napukuta mpando. Kenako anandiitana kuseri kwa nyumba, nagwada kuti nkhope zathu zifanane.

"Tereza, unamvela tsiku lija?"

"Sininamvele, ambuya."

Anayang'ana milomo yanga nthawi yaitali. Munthu amene wakhala zaka akuwerenga milomo sumunamiza.

"Unamvela," anatero motsitsa. "Koma pakamwa pako ninatseka ndine. Mulandu ni wanga. Usaunyamule."

M'mawa mwake anapita okha kwa bwana n'kumuuza kuti ndi ogontha. Pofika masana katundu wathu anali panja. Sitinawoloke kubwerera kutsidya. Tinatsata akazi a Juwaki, amene anasamukira kwa abale awo ku Kavalamanja, ndipo kumeneko ambuya analima dimba la mayiyo zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka tsiku limene anagwa ndi khasu m'manja. Mayiyo ankalandira chimanga ndi maungu, poti ana asanu sadya mkwiyo, koma sanawapatse moni ngakhale kamodzi. Ambuya sanadandaule. Ankati mayiyo akulondola.

Ambuya anandiuza kuti mlanduwo ndisaunyamule, koma ndaunyamula mpaka lero, ndipo ndikudziwa kuti ndidzalowa nawo m'manda. Ndine nkhalamba tsopano, yodziwika ndi mkamwa. M'basi ndikamva kanthu kakugogoda kunsi, ndimakuwa kuti dalaivala aime, anyamata n'kumaseka kuti ambuya aja ayambanso. Asiyeni aseke. Kamtengo ka mupani ndili nako m'sutikesi, mano a ambuya Zuze akuonekabe pamenepo. Chaka chatha mdzukulu wanga anandiitana katatu ndili chifulatire, mpaka anandigwira phewa. Ndinamukhazika pansi tsiku lomwelo n'kumuuza kuti makutu anga ayamba kutha, auze aliyense, ndipo akamva chimene ine sindikumva, akuwe, ngakhale pakhale anthu zana.