Ananditulutsa mu Eda

Apolisi anabwera Lachiwiri m'mawa, sabata yotsatira arobaini, mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirireni amuna anga. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikupeta mpunga. Odi sanachite. Ndinangomva chitseko cha kumpanda chikukankhidwa, kenako mawu a mwamuna: "Mayi wa pano ali kuti?"

Ndinadziphimba kumutu n'kuyankha ndili kuseri kwa khoma kuti ndili pa eda. Mkazi wa Chisilamu mwamuna wake akamwalira amakhala panyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osayendayenda, osaonekera kwa amuna achilendo. Pa Boma pano ngakhale mwana wa Mkhristu amadziwa zimenezi. Wapolisiyo ankadziwanso, n'chifukwa chake anabwera ndi mnzake wamkazi.

"Eda yanuyo mukapitiriza konko," anatero wamkaziyo. "Valani masilipasi tizipita."

Ndifotokoze kaye kumene zinachokera. M'nyengo ya dzuwa chaka chimenecho mwana wina anasowa kugombe. Mphekesera inayenda yoti eni mashopu a mumsika amutenga kuti akhwimire malonda. Mwanayo anadzapezeka ali bwinobwino kwa achibale ake ku Benga, koma apo n'kuti mashopu atapsa kale. Amuna anga ankagulitsa maukonde, mbedza ndi nyali za asodzi. Gulu lowotcha mashopulo litafika iwo anaima pakhomo pa shopu yawo. Sindilemba mmene anawabweretsera kunyumba. Osambitsa maliro anandipempha kuti ndisawaone nkhope, koma ndinawaona.

Amene anatsogolera gululo ndi neba wathu wogulitsa matabwa, munthu amene Idi iliyonse ankadya pakhonde pathu mpaka kunyambita zala. Msika wonse unamuona atanyamula chikwanje. Apolisi anamugwira, posakhalitsa anatuluka pa belo, mlandu n'kumadikira khoti.

Ndiye kunabadwa komiti ya umodzi. Abale inu! Galimoto ya zimkuzamawu inkazungulira tsiku lonse: "Ndife amodzi! Tiiwale zakale!" Zakale zake za mwezi watha. Kunabwera matisheti oyera, zitenje zojambulidwa manja awiri ogwirana chanza, mpira wa akabaza ndi ogulitsa mumsika, mapemphero a zipembedzo zonse kumene akuluakulu ankakumbatirana mpaka wojambula atanena kuti zatheka. Makoma akupsa aja anawapaka laimu. Wogulitsa matabwa uja anamuveka tisheti n'kumulowetsa m'komitimo, ati akhale chitsanzo cha munthu wosinthika.

Anthu ankati chiyani? Ndinkamva zonse ndili pamphasa panga, poti amayi ankabwera kudzandipepesa. "Zachibwana zimenezi." "Akungofuna alendo a mabungwe aone ngati kwazizira." "Amene uja malo ake ndi kundende." Akatuluka pakhomo panga ankathamangira pamzere wa zitenje. Sindikuwanamizira ayi. Ena ankadzanyoza komitiyo m'nyumba mwanga atavala zitenje zake zomwezo.

Lachinayi lina kunabwera apampando a komitiyo, atatenga thumba la ufa, chitenje ndi mtolankhani wa wailesi. Ndinalankhula nawo ndili kuseri kwa katani. Ankafuna kuti pa tsiku lalikulu la umodzi, limene linali Loweruka la sabata yotsatira ku bwalo la mpira, ndikakwere pansanja, ndikagwirane chanza ndi wogulitsa matabwa uja, ndikanene pa maikolofoni kuti ndakhululuka.

"Mukatero, amayi athu," anatero apampando, "mboni nazo mitima izizira, nkhani ya kukhoti ija ithera pomwepo. Tauni ino ipumeko."

Mtolankhaniyo analowetsa foni yake pansi pa katani. "Inuyo monga mayi wokhudzidwa, maganizo anu ndi otani pa ntchito ya umodziyi?"

Anafunsa yekha, sindinamuitane. Ndinamuuza kuti umodzi wawowo ndi wa anthu amene akadali ndi amuna awo. Ndinati dzanja limene linagwira chikwanje ine sindiligwira, likayambe lakwezedwa kukhoti. Ndinatinso ufawo abwerere nawo, akaphike phala amwe ndi mnzawoyo.

Wailesi sinaulutse mawuwo, koma anatuluka ndithu. Pofika Lamlungu anali m'mafoni a anthu, m'maminibasi, kugombe, mpaka ku Chia. Achimwene anga anandiuza kuti anthu akumvetsera mobwereza, akuseka, akuti mayi ameneyu walankhulira tonse. Lachiwiri ndiye kunabwera apolisi aja.

Anandikweza kumbuyo kwa galimoto yopanda denga, ndipo inadutsa pakati pa msika ngakhale njira ina inalipo. Anthu amene ndinawalankhulira aja anandiona. Amayi ena anayamba kusanja tomato amene anali wosanja kale. Palibe amene anafunsa kuti mukupita naye kuti.

Pakauntala wapolisi wamkazi uja anati ndivule mpango.

"Ndili pa eda, mwanawanga."

"Sindine mwana wanu. Nsalu yaitali silowa m'chitokosi, mungadzimangirire. Vulani."

Anandivula yekha. Panali amuna pamenepo, ena a yunifolomu, ena odzadandaula za njinga zawo. Kufikira tsiku limenelo amuna anga okha ndi amene ankadziwa kuti ndili ndi imvi.

M'chitokosi munali chidebe pakona ndi kazenera kamwamba. Ndinapezamo mayi wina wa ku Chia amene anamugwira ndi kachasu. Iyeyo chitenje chake sanamulande. Lamulo la nsalu lija linali la mutu wanga wokha. Atandiyang'ana anawomba m'manja. "Ndinu amayi a phala aja! Ine ndinakumvani katatu, ndinaseka mpaka kugwa pampando." Chitenje chimene anavala chinali cha umodzi. Ndinamufunsa ngati amakhulupirira zimenezo. "Aaa, mayi, nsalu ndi nsalu. Akagawa za chisankho ndimavalanso." Anang'amba mbali ina ndi mano n'kundipatsa kuti ndiphimbe kumutu. Ndinaitembenuza kuti manja ogwirana aja akhale mkati. Pa anthu onse a umodzi, amene anandichitira chifundo ndi wophika kachasu ameneyu.

Nthawi ya swala ndinapempha madzi. Mlonda anayankha ali chikhalire: "Kuno si kumzikiti." Ndinasisita manja pakhoma n'kuswali choncho. Khomalo silinali loyera, koma Mulungu ankaona.

Lachitatu ananditengera m'chipinda china kwa bwana wovala zawamba. Anayatsa foni yake, ndinadzimva ndekha ndikulankhula za phala.

"Mawu awa ndi anu?"

"Ndi anga, bwana."

"Anakutumani ndani? Ndi a ndale ati?"

"Amene anandituma ali kumanda."

"Mukudziwa kuti mawu ngati amenewa angayatsenso moto m'tauni muno?"

Ndinamufunsa ngati moto woyamba uja unayatsidwa ndi mawu anga. Anandiyankha ndi dzanja. Khutu lakumanzere mpaka lero limamva ngati ndili pansi pa madzi. Kenako anati ndigwade pa simenti ndiganize bwino, iye n'kutuluka kukadya. Atabwerako anandipeza ndili pomwepo, maganizo ali omwewo. Anati mlandu wanga ndi wofuna kusokoneza bata. Bata lake limenelo, la munthu wa chikwanje amene ankayenda ndi tisheti yoyera.

Lachinayi kunabwera apampando, atatsagana ndi shehe wa m'komitimo, osati wa mzikiti wathu. Apampando anaoneka achisoni kwambiri, nkhope ya pamaliro yeniyeni. Anati iwo sanafune kuti zifike pamenepa.

"Mungovomera za Loweruka, amayi athu. Lero lomwe mukagona kwanu."

Shehe uja anawonjezera kuti ndisadandaule za eda, chifukwa pakakhala chifukwa chachikulu malamulo amalola mkazi kutuluka.

"Ndatuluka kale, shehe," ndinatero. "Simukundiona?"

Anayang'ana pansi. Apampando anayesanso. Anati ndiganizire ana anga, anati kukhululuka ndi chuma cha kumwamba, anati alendo ochokera ku likulu aitanidwa kale ndipo pulogalamu yasindikizidwa. Apo ndiye ananena zoona. Chimene chinkawawawa si mzimu wanga, inali pulogalamu. Ndinawauza kuti kukhululuka ndi kwanga, ndidzapereka ndikadzafuna, ndipo munthuyo sanabwere n'komwe kudzapempha. Ndinati ayambe waima pamaso pa woweruza anene chimene anachita. Anatuluka osatsanzika.

Ndisaname, ndinkaopa. Mawondo anatupa, chakudya chimene achimwene ankabweretsa chinkafika chitavundulidwa ndi zala, ndipo ndinkalira ndikaganiza kuti eda ya amuna anga ndikuithera pafupi ndi chidebe. Koma ndinkadziuza kuti bola Loweruka lidutse. Ndinkaganiza kuti popanda dzanja langa mlandu uja sangaukwirire.

Loweruka masana phokoso la ku bwalo la mpira linkalowa pa kazenera kaja. Ng'oma, kwaya, malankhulidwe aatali. Kenako kunangoti zii, ndipo mwadzidzidzi kunabuka nthungululu ndi m'manja zimene sindinazimvepo chibadwire. Mlonda anabwera pachitseko akuseka, foni ili m'manja.

"Mayi, mwakhululukatu. Zikomo kwambiri."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinangoti ndi chipongwe cha masiku onse.

Ananditulutsa Lolemba m'mawa. Kukhoti sindinapite, mlandu wosokoneza bata uja sunatchulidwenso. Wapolisi wamkazi uja anandibwezera mpango wanga n'kunena kuti, "Pitani, nkhani yanu yatha. Muzisamala pakamwa." Achimwene ankandidikira panja ndi kabaza.  Titafika kunyumba anatseka chitseko, n'kundipatsa foni kuti ndione.

Pansanja panali apampando, alendo a masuti, ndi wogulitsa matabwa uja. Woyendetsa mwambo analengeza kuti tsopano kukubwera mkazi wa malemu, amene wachoka pa eda chifukwa chokonda tauni yake. Kunakwera mayi wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yophimba, maso okha akuoneka. Anatambasula dzanja. Munthu uja analigwira ndi manja awiri, akulira misozi yeniyeni. Anamuikira maikolofoni mayiyo, ndipo anati, "Ndakhululuka."

Mawu amenewo ndinawadziwa. Anali alamu anga, mchemwali wa amuna anga, wobadwa nawo mimba imodzi.

Anabwera okha madzulo ake, poti ankadziwa kuti ndiwaitanitsa. Anakhala pakhomo, osalowa.

"Alamu, mundimvetse. A komiti anati ndikapanda kutero inu simutuluka. Anatinso ndikatero, malo a shopu aja akamanganso sawapatsa wina."

"Ndiye munavala ine?"

"Dzina lanu sindinatchule. Ndinangoti ndakhululuka."

"Analengeza kuti mkazi wa malemu. Inu munakwatiwa ndi achimwene anu?"

Analira. Mwina ankandimveradi chisoni, mwina ankaganiza za shopu, mwina zonse ziwiri. Sindinawatukwane. Ndinawauza kuti apite kwawo kusanade.

Achimwene atapita kukafunsa za mlandu wa amuna anga, anauzidwa kuti banja linakhululuka pamaso pa anthu, ndipo mboni zayamba kunena kuti tsiku lija kunali utsi wambiri, sizinaone bwino. Anawauza kuti adikire, adzaitanidwa. Tikudikirabe.

Shehe wa mzikiti wathu ananditumizira uthenga kuti masiku amene ndinali m'chitokosi sanatayike, poti sindinatuluke mwa kufuna kwanga. Ndinamaliza eda yanga m'nyumba, ndipo ndinali ndi nthawi yoganiza. Apampando sindiwadabwa, ntchito yawo inali pulogalamu. Wa chikwanje uja sindimudabwa, ankapulumutsa khosi lake. Amene ndimawanyoza ndi a nthungululu aja. Lachiwiri anandiona pagalimoto ya apolisi ndikudutsa pakati pa msika. Loweruka ankadziwa kumene ndinali. Akabaza ankadziwa, amayi a tomato ankadziwa, amene ankaseka za phala aja ankadziwa. Anaimirira padzuwa n'kuwombera m'manja nsalu yakuda, chifukwa aliyense wa iwo anali ndi mwana, mlamu kapena mwamuna amene anali m'gulu lija, ndipo ena anali ndi nyali za m'shopu mwathu m'nyumba zawo.

Amati ndine mfulu tsopano. Inde, palibe amene amanditsekera chitseko, madzi a swala ndimatunga ndekha, mpango wanga uli kumutu. Koma m'chitokosi muja ndinali ndi chinthu chimodzi chimene ndinkati ndi changa, kukana kwanga, ndipo ndinagwadira pa simenti kuti ndisakutaye. Kukanako anangokudutsa pambali osandipempha n'komwe. Ananditsegulira chitseko chifukwa sankandifunanso.

Tsiku loyamba kutuluka eda itatha ndinapita kumsika kukagula mchere. Makoma anali oyera, mashopu atsopano atayamba kukwera, matabwa ake ochokera kwa neba wathu. Mayi wina, mmodzi wa amene ankakhala pamphasa panga n'kumati malo a munthu uja ndi kundende, anasiya malonda ake n'kundithamangira. Anandigwira manja onse awiri.

"Mayi, Mulungu akudalitseni. Zimene munachita ku bwalo zija, si onse angathe. Munatipulumutsa."

"Sindinali ine," ndinatero.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundisisita paphewa.

"Aaa, tonse tikudziwa, mayi. Komabe munachita bwino."