Kadontho Kofiira ka a Mkuwa

M'nyumba imene ndinakwatiwiramo munali chipinda chimodzi chomwe tsache silinkalowamo. Chinali cha apongozi anga aamuna, omwe msewu wonse unkawatchula kuti a Mkuwa. Ntchito yawo yeniyeni inali yokonza masikelo, a m'mabutchala, a m'magolosale, ngakhale aja opachikapo makanda kuchipatala. Koma mtima wawo wonse unali pa zitsulo za nkhondo imene inadutsa m'dera lathu iwo akukwawa.

M'chipindamo munali mashelefu mpaka kudenga. Munali zisoti zachitsulo zisanu ndi ziwiri, china chobooka pamwamba pa khutu, mabeneti, mipeni ija yosomeka kunsonga kwa mfuti, okulungidwa m'nsanza zamafuta, mabotolo a madzi ophwanyika m'mbali, mamendulo, ndi mabatani a yunifolomu odzaza zitini za mkaka. Ukangotsegula chitseko, fungo la dzimbiri ndi mafuta a makina linkakulandira, ndipo linkakakamira pa zovala tsiku lonse.

Amisiri akamakumba maziko a nyumba n'kupeza kachitsulo kosadziwika, ankathamangira nako kwa a Mkuwa. Iwo ankavala kagalasi pa diso limodzi, n'kuwerenga timanambala ta m'mphepete, kenako n'kukaika pa sikelo. Akatero ankakuuza gulu la asilikali lomwe linkanyamula chinthucho, chaka chomwe chinasulidwa, ndi mbali yomwe mwini wake ankamenyera.

"Diso limanyengeka, mayi," ankandiuza choncho ndikawabweretsera tiyi pakhomo, "koma sikelo ilibe chibale."

Nawonso analibe chibale. Mphunzitsi wina anabwera ndi mendulo ya agogo ake ataikulunga m'mpango woyera, misozi ili pafupi. A Mkuwa anaitembenuza kamodzi kokha. "Agogo anu anali ngwazi ndithu, aphunzitsi. Koma pa mpikisano wa njinga." Munthu uja sanawapatsenso moni mpaka anasamuka. Ine ndinkawaopa, ndisaname. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pakhomopo, sanayamikirepo chinthu changa ndi chimodzi chomwe. Tiyi wanga ankati ndi madzi otsukira makapu.

Pansi pa zenera panali pataimikidwa zipolopolo zisanu za mzinga, chilichonse chotalika ngati mkono wanga kuchokera pachigongono kukafika kuzala, zofanana ngati mapasa. Zinayi zinali zopanda kanthu m'kati, asilikali anazichotsa wonga kalekale. Chachisanu chinali chamoyo, wonga ukadali m'kati, cholemera kuposa zinzake. A Mkuwa ankadziwa, koma sanauze munthu, ngakhale mwana wawo, amuna angawo, omwe amakhala pamsewu ndi galimoto ya katundu masabata atatu pamwezi. Ankadziwa kuti akanena, asilikali adzachitenga n'kukachiphulitsa kutchire, ndipo manambala ake anali osowa. Anangochidonthezera penti yofiira kunsi kwake kuti asachisokoneze ndi zinzake. Moyo wa nyumba yonse unali pa kadontho kosaposa kambewu ka nyemba, ife tikudya ndi kugona kuseri kwa khomalo.

Chaka chomwe maso awo anachita ng'ala, anakagonekedwa kuchipatala masiku anayi. Makiyi anasiya pa msomali. Ine ndinati mpata ndi uwu, lero mkuluyu andiyamikira afune asafune. Ndinatenga polishi, nsanza ndi kawaya kotsukira mapoto. Zisoti sindinazikhudze, zinkandichititsa nthumanzi. Koma zipolopolo zija ndinazigoneka pa simenti, n'kumazigubuduza uku ndi uku ndikukwecha, ndikuimba nyimbo za kwaya. Chimodzi chinandipulumuka n'kukagunda mwendo wa tebulo, ine n'kuseka. Kunsi kwa chimodzi kunali kabanga kofiira kouma gwa. Kanandivuta, koma ndinakagonjetsa. Pofika madzulo zonse zisanu zinali waliwali, ndipo ndinaziimika mmene zinandikomera.

A Mkuwa anabwerako maso ali omangidwa, adokotala atawauza kuti asamasule mpaka sabata ithe. Ndinadikira kuti adzaone okha.

Loweruka m'mawa panaima galimoto yoyera. Munatuluka bambo wonenepa pang'ono, waulemu wake, wamalaya abuluu. Anati wamva mbiri ya a Mkuwa kwa anthu ndipo akufuna chinthu chimodzi chokongoletsera pabalaza. A Mkuwa sankakonda kugulitsa, koma mlendoyo anawafunsa za zisoti, n'kumvetsera ola lathunthu osayasamula, ndiye anawafika pamtima.

"Mayi," anandiitana ali pampando wawo, "tatengani chimodzi mwa zija zapazenera. Muchitembenuze pang'onopang'ono. Kunsi kuli kadontho kofiira?"

Ndinanyamula chapakati, chomwe chinkawala kuposa zonse. Ndinakumbukira kabanga kaja. Koma ndinaganiza kuti ndi chizindikiro chabe cha chomwe amachikonda, ndipo kuulula pamaso pa mlendo kuti ndalowa m'chipinda chawo ndi kawaya ka mapoto, ayi, ndinachita manyazi.

"Kulibe, bambo."

"Mwaonetsetsa?"

"Kulibe."

"Apatseni."

Ndinaperekeza mlendoyo kugalimoto. Anachiponya pampando wakumbuyo, pambali pa kachikwama ka mwana wasukulu. "Ndikapeza nthawi ndikachipereka kwa owotcherera zitsulo achiboole pamwambapa," anatero akumwetulira. "Chikhala nyale yokongola zedi." Sindinamufunse dzina, sindinayang'ane nambala ya galimoto. Ndinamufunira ulendo wabwino. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma phula langali ndinadyetsa munthu wina.

Lachitatu anakawamasula maso kuchipatala. Atafika kunyumba sanakhale pansi, analunjika kuchipinda chawo. Ine ndinaima pakhomo ndikupukuta manja pa chitenje, kudikira mawu omwe ndinawadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Anayang'ana zipolopolo zinayi zowalazo nthawi yaitali. Kenako anagwada, n'kupendeketsa choyamba mosamala ngati akudzutsa khanda. Chachiwiri. Chachitatu. Chachinayi.

"Mayi, tulukani panja. Mukaime kutsidya kwa msewu."

"Bwanji, bambo?"

"Ndati tulukani."

Sindinatuluke. Ndinawaona akutsitsa sikelo yawo yamiyala, akuika chimodzichimodzi, akudikira kuti muvi ukhazikike. Choyamba ndi chachiwiri zinafanana. Chachitatu chimodzimodzi. Pa chachinayi ndinamva akunong'ona, "Lemera, lemera iwe." Sindinamvepo munthu akupempha chinthu choncho. Muvi unaima pamalo pomwe panaima zinzake.

Anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale. Pamenepo ndiye anandiuza tanthauzo la kadontho kaja, ndi mawu ochepa, osandiyang'ana. Ine ndinagwada n'kuulula zonse, za makiyi, za kawaya, za bodza langa la Loweruka. Nditafika pa mawu a mlendo aja, akuti akachiboola, a Mkuwa anatseka maso awo atsopanowo.

Ndinkayembekeza kuti andilalatira mpaka anthu adzaze pampanda. Bwenzi zili bwino akanatero.

"Munakwecha bwino," anatero. "Manambala akuoneka onse." Kenako anatsegula maso. "Chizindikiro chodziwa munthu mmodzi si chizindikiro, mayi. Kanditengereni jekete."

Tinapita kupolisi tonse awiri. Iwo anauza wapolisi wa pakauntala kuti anasunga chipolopolo chamoyo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anachipereka kwa mlendo ndi manja awo. Za kawaya sanatchule. Nditatsegula pakamwa anandiponda phazi. Wapolisi atafunsa maonekedwe a mlendoyo, a Mkuwa anati, "Ine ndinali wakhungu. Amene anamuona ndi apongozi angawa." Ndinanena zomwe ndinali nazo: wonenepa pang'ono, malaya abuluu, galimoto yoyera. Wapolisiyo anaika cholembera pansi n'kuloza pazenera. Panja panali pataima galimoto zoyera zinayi.

M'mawa mwake kunabwera asilikali. Anatulutsa anthu m'nyumba zonse za mumsewu wathu, n'kumanga chingwe uku ndi uku. Ananyamula chilichonse, ngakhale zitini za mabatani zomwe sizikanapha ndi nyerere yomwe. A Mkuwa anaima kuseri kwa chingwe pamodzi ndi anthu omwe kale ankawabweretsera tizitsulo, ndipo palibe anawayandikira. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, yemwe ana ake amagona kukhoma la chipinda chija, anawayang'ana n'kulavula pansi. Msilikali wachinyamata atanyamula chisoti chobooka chija chozondotsa, a Mkuwa anayamba kumuuza gulu lomwe chinachokera, koma anasiyira pakati. Mlandu wawo ukadali kukhoti, ukungosunthidwa masiku.

Uthenga unalengezedwa pa wailesi sabata yathunthu. Palibe anabwera. Amuna anga atafika anakalipa masiku awiri, n'kubwerera pamsewu, poti katundu wa eni sadikira.

Kuyambira pamenepo a Mkuwa sanakonzenso sikelo ya munthu. M'mawa uliwonse amavala jekete, ine n'kutseka nyumba, timapita kwa owotcherera zitsulo. Tinayamba ndi a kuseri kwa msika, kenako a kumalo okonzera galimoto, tsopano timakwera basi kupita m'matauni oyandikana. Iwo amanyamula pepala lomwe anajambulapo chipolopolocho ndi manambala ake onse, ochokera m'mutu. Amalionetsa kwa mmisiri aliyense n'kunena mawu omwewo: "Wina akabwera ndi ichi, musachikhudze ndi moto kapena choboolera. Muthawe kaye, muzifunsa pambuyo." Ena amamvetsera. Ena amaseka, amati madala awa nkhondo inawalowa m'mutu. Tikamadutsa m'tinjira ta pakati pa mashedi, choboolera chikalira mwadzidzidzi penapake, amandigwira dzanja mwamphamvu mpaka chitasiya. Munthu amene kale sankalandira kapu m'manja mwanga, ankati ndiike patebulo.

Ntchito yanga ndi kuyang'ana nkhope. Pabasi, pamzere wa kuchipatala, pageti ya sukulu ana akamaweruka, ndimayang'ana bambo aliyense wonenepa pang'ono mpaka ena amandifunsa ngati tikudziwana. Ndimaopa, ndipo mantha ake sakutha ndi kuzolowera. Mwina chinthu chija chili pashelefu pabalaza pa munthu, mkazi wake akuchipukuta fumbi Loweruka lililonse. Mwina munthuyo sanapezebe nthawi.

Dzulo tikubwerera, a Mkuwa anandifunsa ngati mlendo uja anali ndi ndevu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma ndinapeza kuti sindikudziwa. Miyezi isanu ndi itatu yapita, ndayang'ana nkhope zambirimbiri, ndipo yake yayamba kusakanikirana ndi za ena.

"Analibe, bambo," ndinatero.

"Mwaonetsetsa?"

Ulendo uno ndinangotembenukira kuzenera la basi, n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthu a m'mbali mwa msewu.