Mano Anayi a Mayi Anga

Phale lija ndimalionabe m'maso mwanga. Linali chibenthu cha mphika wakale, lakuda bii. Amalume ankaikapo makala n'kuwazapo njere za nthula, ndipo mayi ankakoka utsi wake ndi bango kulowetsa m'kamwa. Akatero ankalavulira m'mbale ya madzi, amalume n'kuloza tinthu toyera toyandama. "Mwationa tizilombo tam'mano? Tatuluka!" Lero ndikudziwa kuti tinali timitima ta njere zomwezo. Koma nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 3, ndipo ndinkaomba m'manja.

Inali nyengo yachisanu kwathu ku Bembeke, chaka chimene bambo anapita ku maesiteti a fodya ku Kasungu osatumizanso mawu. Nkhungu inkakuta mudzi mpaka dzuwa kukwera, zala zathu zili gwa pokumba mbatata ya kachewere kudimba. Mayi ankadzuka atagwira tsaya. Ululu unkayambira patsogolo pa khutu, kutsikira m'nsagwada, kenako kukwera kumutu. Akayasamula pankamveka kuti thwa, ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Masiku ena pakamwa pankakaniratu kutseguka, phala ankachita kumwera m'kapu.

Utsi utalephera, amalume, monga mwini mbumba, analamula kuti dzino lichoke. Pamsika panali bambo wina wozula mano ndi chopanira chonga chokonzera njinga. Funso lake linali limodzi: "Likupweteka ndi liti, mayi?" Mayi sankadziwa, poti mbali yonse inkawawa, choncho analoza lakumapeto. Linatuluka loyera, lamphumphu, lopanda kabowo ngakhale kamodzi. Ndinaliona ndi maso angawa. Bala litapola ululu unali pomwepo. "Kachilombo kathawira m'linzake," anatero amalume, ndipo lachiwiri nalo linachoka.

Chimene amalume sankadziwa ine ndinkachidziwa, chifukwa ndinkagona mphasa imodzi ndi mayi. Akagona ankakukuta mano ngati khoswe walowa m'nkhokwe. M'mawa wina ndinawauza ndikuseka. Iwo sanaseke. Ananditsina pantchafu nati, "Zimenezo zithere m'nyumba muno. Ukufuna anthu azinena kuti ndimatafuna mafupa a kumanda?" Kwathu munthu wokukuta mano ali m'tulo ankamuganizira ufiti. Mayi analibe mwamuna pakhomo wowayankhulira. Ndiwo ankatsogolera kolona kumphakati, ndiwo ankaphika pamaliro. Dzina lotere likanawamata, ndani akanadyanso chophika chawo?

Aphunzitsi athu, mayi wachifatse amene ankaphunzitsanso kwaya kutchalitchi, anaona kuti mayi akuimba mano ali olumana. Lamulungu lina anabwera kwathu, napeza amalume ali pakhonde. Anagwira mayi patsogolo pa makutu onse awiri n'kuwauza kuti atsegule pakamwa. Anati mchemwali wawo anadwalapo chimodzimodzi, ndipo kuchipatala cha kuboma anamuthandiza osazula dzino lililonse. Kenako anafunsa, "Kodi mukagona simukukuta mano?"

Mayi anayang'ana amalume, n'kuyang'ananso amayi awiri amene ankasinja pafupi, misi itaima m'mwamba.

"Ine? Ayi. Ambuye andione."

"Ndiye mwina ndi zina," anatero aphunzitsi, n'kutsanzika.

Amalume anadikira kuti aphunzitsiwo afike kumsewu. "Aphunzitsi aziphunzitsa ana kuwerenga. Za mlongo wanga ndizidziwa ndine."

Ndikafika pamenepa pokumbukira, mtima umandiwawa mpaka ndimaika kolona pansi. Thandizo linafika pakhomo ndi miyendo yake, ife n'kulibweza chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Amalume ndinawakhululukira, ankamukonda mlongo wawo, ankamukweza panjinga m'chisanu chonse chija. Koma chikondi chosafunsa chimapweteka. Chisanu chisanathe dzino lachitatu linachoka. Lachinayi linathyokera m'nkhama, tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka, ndipo m'nyumba munkanunkha magazi ndi madzi amchere. Apo mayi anakana. Anati, "Achimwene, basi. Otsalawa ndipita nawo kumanda." Ululu wa m'nsagwada sunasinthe ngakhale pang'ono.

Chaka chatha nanenso ndinayamba kudzuka nditagwira tsaya, mwana wanga woyamba atasiya sukulu n'kulowerera ku Lilongwe. Ndinapita kuchipatala. Adokotala a mano, mtsikana wa msinkhu wa ana anga, anandigwira pomwe paja aphunzitsi anagwira mayi, n'kufunsa funso lomwe lija. Ndinayankha mokweza mpaka odikira panja anamva: "Eya, ndimakukuta!" Iye sanadabwe n'komwe. Anati mano anga alibe vuto, chatopa ndi polumikizira nsagwada, ndipo nkhawa imachititsa zimenezi kwa anthu ambiri. Anandiuza kuti ndizithowa ndi kansalu kofunda, ndisiye kaye mzimbe ndi zolimba, ndiponso anandifotokozera za kachinthu kofewa kovala kumano pogona. Ndikuthokoza Mulungu, mano anga onse alipo. Koma ndinatuluka m'chipinda chija ndikulira, anthu n'kumayesa andizula dzino. Kansalu kofunda, Ambuye! Kansalu ndi madzi a pamoto, zinthu zimene mayi anali nazo m'nyumba tsiku lililonse.

Mayi anatisiya kale, mzimu wawo uuse mumtendere. Kumapeto kwa chisanu chija, mphepo itayamba kufunda, ankakazinga chimanga masana tikachokera kudimba. Kale tinkalimbirana, iwo ankakonda chopserera. Tsopano ankangochipungulira chonse m'mbale yanga, n'kukhala pambali dzanja lili patsaya, akundiyang'ana ndikutafuna. "Idya, mwanawe, ine ndakhuta." Ine ndinkapita kukadzitama kwa anzanga kuti m'mudzi monse palibe mwana wokondedwa ngati ine, poti mayi anga amandipatsa chimanga chonse.