Thobwa la Achemwali

Foni inalira tili m'chigafa kusoka fodya, manja atada bii ndi utomoni. Kwathu ku Msakambewa netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola basi, ndiye ndinathamangira komweko, patapata mmodzi n'kutsala panjira. Mayi wa pafoniyo anati ndasankhidwa: bungwe lawo lindilipirira maphunziro a unamwino mpaka ndidzamalize. Ndinakuwa mpaka mbuzi zinabalalika, ndipo ndinapitiriza kuthokoza foni itaduka kale.

Thandizolo linali la ophunzira amene akulimbana ndi kusalidwa kwa anthu odwala matenda a maganizo. Ine nkhondo imeneyi inandipeza pakhomo. Achemwali anga oyamba kubadwa anadwala atangobereka mwana wachiwiri: tulo osabwera, kulankhula okha, khanda osalifuna. Kuchipatala ku Boma anawapatsa mankhwala ndipo anachira, koma mudzi sunafune kumva zimenezo. Kale kunalibe chinkhoswe kapena ukwati wopanda thobwa lawo. Atabwerako, anthu anayamba kunong'ona kuti ukamwa chophika wamisala, nawenso mutu umasokonekera. Mbiya yawo inakhala chivundikire zaka zitatu.

Zinkandipsetsa mtima, ndipo ine pakamwa sindichedwa. Kusekondale ndinasonkhanitsa anzanga, tinkachita masewero pamsika ndi kuitana azaumoyo kudzayankha mafunso. M'kalata yopempha thandizo ndinalembamo nkhani ya achemwali atandilola okha. "Lemba," anatero, "koma usakometsere bodza kuti ndinkaluma anthu."

Amayi atamva uthenga wa pachulu uja analuluta, n'kulamula kuti Loweruka tisangalale ndi mudzi wonse. Achemwali sanafunse munthu. Anavundukula mbiya, anaitsuka, n'kukasinjitsa chimera. Apo amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Akafunsa, uzinena kuti waphika ndiwe, wamva?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Ine wolongolola pamsika uja ndinaopa kuti makapu abwerera odzaza pa tsiku langa.

Lowerukalo anthu anadzaza pabwalo, amayi a kutchalitchi akuimba, ine ndikungoyendayenda mano ali pamtunda ngati mkwatibwi. Ndinayamba kugawa thobwa. Kapu yachitatu inafika kwa mayi wina wa kutsidya kwa dambo, yemwe tonse tinkadziwa kuti ndiye anayambitsa manong'onong'o aja. Ananunkhiza.

"Fungo lokhali! Waphika ndani, mwanawe?"

Ndisanatsegule pakamwa, achemwali anayankha ali chiimire pambali pa mbiya.

"Ndaphika ndine, mayi. Mankhwala anga ndamwa m'mawa, m'thobwamo sindinathiremo."

Pomwepo ine ndinatunga kapu yodzaza n'kugugudiza mpaka kutsamwa, thobwa likutuluka m'mphuno. Amalume, achimwene awo a amayi, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwanayu wakula ndi thobwa lomweli, ndiye uyu akupita kukoleji! Nditungireni, mwina nanenso mutuwu ungatseguke."

Anthu anaphulika kuseka, makapu n'kuyamba kuyenda. Si onse anamwa ayi. Ena anabisa makapu kuseri kwa miyendo, ndipo mayi wa kutsidya uja anasiya yake pansi pa mtengo, n'kutsanzika msanga. Komabe pofika madzulo mbiya inali itatsala pang'ono kuuma, achemwali akuvina mwana ali kumbuyo. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinasangalala chotero.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo, ndinaona mayi uja akubwera yekha, osadzera njira yaikulu koma ya m'munda. Ndinagwiritsa tsache, mawu okhadzula ali kale pamlomo. Anandidutsa osandiona n'komwe, n'kukagwada pafupi ndi achemwali amene ankatsuka makapu.

"Mwana wanga wamkazi uja anabereka mwezi watha," anatero motsitsa mawu. "Sakugona. Khanda sakulifuna. Tamutsekera m'nyumba kuti anthu asadziwe. Kuchipatala kuja mumapita tsiku lanji?"

"Lachiwiri," anayankha achemwali. "Mukamutsegulire lero lomwe, ndibwera kudzacheza naye. Ku Boma ndidzamuperekeza ndine."

Kenako anapendeketsa mbiya, n'kukokolola thobwa lotsala pansi. Linangokwana theka la kapu. Mayi uja analandira ndi manja awiri, ndipo anamwa lonse.