Mabatire pa Chigafa

Dzulo mwana wanga anandipeza ndikuyanika mabatire a tochi padzuwa. "Amayi, tayani izi, zinatha kale," anatero akuseka.

Ndinakumbukira kwathu ku Chulu. Wailesi ikayamba kusasa mawu, bambo ankayanika mabatire padenga la chigafa, fodya akununkhira pansi pake. Ine ndinkaganiza kuti anthu oyankhula muwailesi amakhala m'mabatiremo, ndipo adwala chimfine. Tsiku lina ndinakwera n'kuwafunditsa nsalu yanga. Bambo anandikalipira kuti ndatchinga dzuwa, koma madzulo wailesi inayankhula ndithu, ine n'kumati ndawachiritsa.

Mwanayo ndinamuyankha kuti, "Iwe wataya mafoni angati? Mabatire anga asiye pomwepo."

Kwathu sititaya chinthu chikadapuma.