Mizere pa Bwalo la Ndege

Ndinadzuka tambala asanalire. M'nyumba amayi akutchalitchi anali akuimbabe ndi mawu osasa, panja amuna akuwodzera pamoto, kamvula kakuwaza. Linali tsiku loika bambo anga.

Bambo ankasamalira bwalo la ndege la pa esiteti ya fodya kuyambira ine ndisanabadwe. Linali laudzu, potera tindege ta eni esiteti ndi anzawo aku Zambia. Ntchito yawo inali kutchetcha, kugumula zulu ndi kupirikitsa mbuzi. Esiteti itagulitsidwa ndege zinasiya kubwera, koma iwo sanataye chikwakwa. Anthu ankawaseka, inenso ndinkaseka nawo.

Bambo atagona ndi matenda, ndinalima bwalo lonse n'kudzala chimanga. Ankandifunsa ali pamphasa ngati ndatchetcha, ine n'kumavomera.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza pakhomo, ena panjinga kuchokera ku Ludzi, ena okalamba amene anagwira nawo ntchito pa esiteti. Utsi wa nkhuni zonyowa unkatiliza tonse. Mwambo wa mapemphero utatha, mng'ono wawo wa bambo anaimirira n'kunena mawu amene malemu anasiya: bokosi lawo lidutse pabwalo la ndege, kuyambira uku mpaka uko, kenako kumanda. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Titafika, adzukulu onyamula bokosi anaima. Chimanga chinali cha m'mawondo. Anandiyang'ana, kenako analowa m'chimangamo. Mizere inali yopingasa njira, choncho bokosi linkangokwera ndi kutsika. Mmodzi anaterereka n'kugwada m'matope, nyimbo n'kuduka. Malo amene bambo anawasalaza moyo wawo wonse anagwedeza bokosi lawo mpaka kumapeto. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti anthu onsewo ankaponda mosamala, kupewa chimanga changa. Bola akanangochipondereza.

Madzulo alendo atabalalika, ndinapeza amayi anga ali okha pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuwauza kuti ndinkawanamiza bambo.

"Ankadziwa," anatero amayi. "Mwezi watha anandikakamiza ndiwagwire mkono, tinapita kukaona."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaima nthawi yaitali. Kenako anati mwanayu amalima bwino, ndisakuuze kuti tinabwera."

Amayi analowa m'nyumba. Ine ndinatsala pakhonde, matope a mundawo akuuma kumapazi.