Zitini za Filimu Kunsi kwa Bedi la a Inayat

A Inayat Ullah anagwira ntchito yoonetsa kanema kwa zaka makumi atatu ndi zinayi m'holo ina ya ku Lahore, yomwe lero anaisandutsa msika wa nsapato. Holoyo itatsekedwa, anzawo analimbirana mipando ndi mafani. Iwo anabwera kunyumba ndi zitini zozungulira khumi ndi zisanu ndi zinayi, chilichonse muli lamba wa filimu wopombedwa bwinobwino, n'kuzilowetsa kunsi kwa bedi lawo. Mpongozi wawo, Shagufta, anazipeza momwemo pokwatiwa, ndipo kwa zaka zitatu ankangosesa m'mbali mwake osafunsa kanthu.

Mwamuna wake, Tanveer, amawotcherera zitsulo ku Muscat, kunja kwa dziko, kumudzi amabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Choncho m'nyumbamo munatsala atatu: mkuluyo, Shagufta, ndi Arfa, kamtsikana ka chaka chimodzi ndi theka. Masana Arfa ankagona pa mkeka m'chipinda cha agogo ake, chifukwa ndi chokhacho chomwe dzuwa silinkalowamo.

Lachisanu lililonse akabwera ku mzikiti, a Inayat ankatulutsa chitini chimodzi, kumasula lamba pang'onopang'ono, kumuyang'ana pa kuwala kwa pazenera, uku akukamba okha ngati pali khamu.

"Mafilimu a masiku ano ndi phokoso lokhalokha," ankatero. "Galimoto kuphulika, anthu kudumphadumpha ngati nkhuku zodulidwa khosi. Akale ankadziwa kumudikiritsa munthu mpaka thukuta. Mayi akukwera masitepe, nyali m'manja, basi, mphindi zinayi zathunthu. Ine ndili pa kazenera kanga kumwambako, ndikumva holo ya anthu mazana asanu ndi awiri yati zii, wogulitsa mtedza naye waiwala kukuwa."

Yomwe ankaikonda kwambiri inali ya telala wina amene anapeza tikiti ya sitima ya dzulo lake m'thumba la jekete la munthu amene anaikidwa m'manda mwezi wathawo. Shagufta anaimva nkhani imeneyo kosawerengeka, koma sanaionepo, poti makina oonetsera anagulitsidwa kalekale kwa ogula zitsulo.

Za m'dziko nazo ankaziweruza ngati filimu. M'mawa uliwonse ankakangana ndi wailesi, kapu ya tiyi ili pa bondo. "Atsogoleri awa sadziwa kusintha lamba! Nkhondo iyi isanathe ayatsa kale ina, zithunzi ziwiri pa nsalu imodzi. Kukanakhala kuholo kwathu anthu akanawagenda ndi nsapato." Akamva kuti zombo zankhondo zasonkhana kunyanja komwe kuli mwana wawo, ankaseka. "Usade nkhawa, mwana wanga, apa m'pakati pa filimu. Wowopseza kwambiri sawombera." Shagufta ankangokanda ufa wa chapati mwamphamvu mpaka mbale kugwedezeka. Kwa iwo zinali zosangalatsa, kwa iye kumeneko kunali bambo wa mwana wake.

Mwezi wa Meyi unabwera ndi kutentha kosautsa, magetsi akuzima theka la tsiku. Tsiku lina masana Shagufta analowa kukadzutsa Arfa, n'kupeza mkeka uli wokha. Mwana anali atakwawira kunsi kwa bedi. Atamukoka, timanja tonse tinali fumbi lofiirira, kachala kamodzi kakulunjika kukamwa. Anamusambitsa ndi sopo katatu, kenako anabwerera n'kugwada pansi. Chitini chakumapeto chinali chitachita dzimbiri, chivundikiro chitatupa. Atachitsegula ndi supuni, fungo lonyansa lowawa linamubaya m'mphuno. Lamba wam'katimo anali atamatana ngati shuga wopserera, m'mbali muli fumbi lomwe lija.

Pamenepo anakumbukira nthano yomwe apongozi akewo ankaikonda pa chakudya, ya mphunzitsi wawo wa ntchito amene anali ndi chipsera kuyambira pa dzanja mpaka m'khosi. Ankati filimu ya makedzana inali ndi mtima woipa: ikakalamba imanunkha, ikatenthedwa imayaka yokha popanda machesi, ndipo madzi saizimitsa. Ankaikamba akuseka, akunyema chapati. Mwana wake iye wakhala akugona pafupi ndi zimenezo miyezi yonseyi. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu.

Anawapeza pa bwalo lam'kati, akupepeza ndi nyuzipepala.

"Abba ji," anatero, monga ankawaitanira apongozi akewo, "zitini zija zituluke lero."

"Hii, moni uli kuti, adokotala? Zalakwanji zitini zanga?"

"Chimodzi chawola. Arfa anatsala pang'ono kudya fumbi lake. Si inu nomwe mumati yakale imayaka yokha?"

"Yoyakayo inatha ine ndisanamere ndevu. Zanga zonse ndi zamakono. Munthu unalekezera sukulu panjira, lero ukufuna kundiphunzitsa filimu ine? Ine amene ndinkalumikiza lamba woduka mumdima, anthu pansipo akuimba mluzu ndi kutukwana amayi anga?"

"Mwadziwa bwanji kuti zonse ndi zamakono? Munkati zina munazitola kuchipinda chosungira katundu, zomwe ngakhale abwana anu sankazidziwa."

"Ndikudziwa basi."

"Munayesapo?"

A Inayat anatambasula khosi, poti apa anawafika pa luso lawo. "Kuyesa kwake n'kwa ana. Umadula kachidutswa ngati chikhadabo, n'kuyatsa. Yabwino imangofota n'kuzima. Yoipa imalilima."

"Ndiye tiyese."

"Ine ndidule filimu yanga chifukwa cha mantha a mkazi?"

Shagufta sanakuwe. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama, Arfa ali m'chiuno. "Basi ya ku Kasur imanyamuka hafu pasiti folo. Ndikakhala kwa achimwene anga. Akakufunsani anthu a mumsewu muno kuti mpongozi wathawiranji mwamuna wake ali kunja, mudzawaonetse zitini."

Anawakhudza pamene pamapweteka. A Inayat akhoza kupirira njala, koma osati kunong'onedwa pa khomo la mzikiti. Anadzuka akung'ung'udza, natenga sizasi. Sanadule ku chowola chija ayi, anasankha china chooneka chaukhondo, kuti amuchititse manyazi bwino. Kachidutswako anakapana ndi chopanira chapati, napita nako pakati pa bwalo, kutali ndi khomo.

"Yang'anitsitsa, aphunzitsi. Ukatha upepese."

Machesi asanafike n'komwe bwinobwino, kanthuko kanati phuu! Lawi lachikasu linadumpha kutalika ngati mkono, likulira ngati mafuta m'chiwaya, n'kuwawaula cheya cha pa dzanja. Chopanira chinagwa pa simenti. Arfa anayamba kulira.

Mkuluyo ankayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina.

"Kachikhadabo kokha," anatero Shagufta. "Kunsi kwa bedi lanu kuli zingati? Abba ji, mwakhala mukudziwa kayesedwe kameneka zaka zonsezi. Machesi ali pa shelefu tsiku lililonse. Munaona ndikuyala mkeka wa mwana pamenepo, inu n'kumamuimbira nyimbo!"

"Ndinkaganiza kuti..."

"Simunkaganiza. Munkaopa kudziwa. Atsogoleri a dziko lonse mumawatukwana m'mawa uliwonse kuti akusewera ndi moto, inu moto mwaugonera pamwamba, mdzukulu wanu pambali!"

Shagufta anakasiya mwana kwa mayi woyandikana nawo nyumba, nabwera ndi ndowa ya mchenga. Anayesa zitini zonse, chimodzichimodzi, iye akutulutsa ndi kudula, iwo akuyatsa patali. Khumi ndi ziwiri zinafota n'kuzima. Zisanu ndi ziwiri zinalilima, ndipo zinayi mwa izo zinali za filimu ya telala ija.

"Izi zokha, mwana wanga," anatero a Inayat motsitsa mawu, atakumbatira zinayizo pa chifuwa. "Ndiziika padenga, kutali ndi Arfa."

"Padenga? Pomwe simenti imawotcha mapazi pofika naini koloko? Mukufuna tipse ndi msewu wonse?"

"Sukumvetsa iwe. Filimu imeneyi mwina palibenso ina dziko lonse lapansi."

"Ndamva. Itanani rikisho."

Anaitana okha. Anakana kuti Shagufta akhudzenso chitini ngakhale chimodzi. Zisanu ndi ziwiri zija anazikulunga m'masaka onyowa, nakhala nazo kumbuyo kwa rikisho, kagalimoto ka matayala atatu, atavala malaya awo a Lachisanu, ulendo wa kwa ozimitsa moto. Anabwerako dzuwa lisanalowe, manja ali lende. Zomwe anakazichita kumeneko sananene, iyenso sanafunse.

Shagufta anakolopa chipindacho kanayi. Ngakhale fungo litatha, Arfa sanagonenso m'menemo. Amagona m'chipinda cha mayi ake chotenthacho, mayiyo akumupepeza ndi katoni mpaka mkono kuchita dzanzi. Zitini khumi ndi ziwiri zotsalazo zili pa shelefu ya pabalaza, pomwe Shagufta amaziona akamadutsa, ndipo sabata iliyonse amazinunkhiza chimodzichimodzi pamaso pa eni ake.

A Inayat anatha masabata atatu osamuyankhula. Tiyi ankalandira, mbale ankabweza, koma maso ali kukhoma. Lamlungu lina Tanveer anaimba foni kuchokera ku Muscat. Shagufta anamufotokozera zonse, za fumbi pa timanja ta mwana, za lawi, za zitini zisanu ndi ziwiri. Mwamunayo anapumira m'mwamba.

"Komabe Abba ndi okalamba, Shagufta. Zinthu zimenezo ndi moyo wawo wonse. Ukanawalezera mtima, ukanadikira ndibwere tikambirane."

"Ubwera liti?"

"Mwina Disembala."

Shagufta anayang'ana Arfa, amene ankalimbana ndi kuvala nsapato ya agogo ake pa khomo. Anadula foniyo, naiika chafufumimba pa tebulo. Inaliranso kawiri, iye akusenda anyezi.